Nambala ya wa Matayala

Kwathu ku Kawale tinabadwa awiri, achemwali ndi ine, tonse akazi. Makolo athu anachokera ku Dedza, anabwera mu Lilongwe ali achinyamata. Bambo anali makaniko pa galaja ina ku Biwi, munthu wosachuluka zonena, amene zikhadabo zake zinkakhala zakuda ndi girizi ngakhale tsiku la tchalitchi. Amayi anali ndi okala kutsogolo kwa nyumba, momwe ankagulitsa sopo, machesi, shuga wa m'timapepala ndi mafuta ophikira oyeza pa kabotolo. Analinso mtsogoleri wa amayi kumpingo kwathu. Pakhomo mawu omaliza ankakhala awo, ndipo bambo sankaoneka kuti zikuwavuta.

Achemwali ndi amene anali mwana wa bambo. Ali wamng'ono ankawatsatira ku galaja, n'kumawapatsira masipanala, moti ankadziwa mayina ake onse asanadziwe kukazinga mazira. Atakula ankaimba kwaya, ndipo ndi nsalu za kwaya zomwezo zimene zinawafikitsa kwa telala wina wa mumsika wa ku Area 23, mnyamata wa ku Mangochi, Msilamu. Mayunifolomu anatha kusokedwa koma achemwali sanasiye kupita ku Area 23.

Nkhani itafika kwa amayi, anaitanitsa amalume kuchokera ku Dedza. Anakhala pabalaza tsiku lathunthu. Amayi ankati iwo amaima kutsogolo kwa azimayi anzawo kulangiza ana a eni, ndiye adzaimanso bwanji mwana wawo atakalowa mumzikiti. Amalume ankavomereza zonse. Bambo anangofunsa kamodzi ngati mnyamatayo amamwa mowa, ndipo anauzidwa kuti samwa. Achemwali analongedza zovala zawo m'chikwama cha mizeremizere n'kupita. Ukwati unachitikira ku Chinsapo, kumene alamu ankachita lendi, ndipo wa kwathu amene anapitako ndinali ine ndekha, nditanama kuti ndikupita kuntchito.

Pasanathe mwezi bambo anagwa ku galaja. Anzawo ankaganiza kuti aterereka pa oyilo, koma atawadzutsa anaona kuti pakamwa papotoka ndipo dzanja lamanja likungolendewera. Kuchipatala anati ndi sitiroko, magazi awo ankathamanga kwambiri kuyambira kale iwo osadziwa. Amayi anamva zimenezo koma mumtima mwawo anali ataweruza kale. Achemwali atabwera kudzawaona, atafunda mpango kumutu, amayi anawatchingira pakhomo la wodi.

"Wabwera kudzamalizitsa?" anawafunsa, mosakweza mawu n'komwe.

Achemwali anabwerera ndi botolo la thobwa limene anatenga. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linaletsedwa m'nyumba mwathu.

Bambo anatuluka m'chipatala akukoka mwendo. Mawu awo ankatuluka olemera ngati ali ndi madzi m'kamwa, ndipo ife a pakhomo tokha ndi amene tinkamva, mwinanso mawu awiri kapena atatu basi. M'mawa uliwonse tinkawakhazika pampando wa nsungwi pakhonde, moyang'ana msewu, pafupi ndi zenera la okala. Amayi ankawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatikita mkono ndi mafuta ofunda. Ndiyenera kunena zimenezi chifukwa ndi zoona: palibe mkazi amene akanawasamala kuposa mmene amayi anachitira. Koma zinatanthauzanso kuti bambo sankakhala okha. Amayi anali pa mtunda wa mkono umodzi tsiku lonse, ndipo pamene iwo palibe, maso a anansi analipo.

Lamulungu lina ndinatsalira pakhomo amayi atapita kutchalitchi, ndipo ndinaimbira achemwali pa foni yanga n'kuika kukhutu kwa bambo. Ndinkamva mawu awo aang'ono akufunsa kuti ababa mwadzuka bwanji. Bambo anayesa kuyankha. Anayesa mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera, koma chimene chinatuluka chinali kubuula. Achemwali anayamba kulira uko, bambo anakankha foni ndi dzanja lawo labwino n'kutembenukira kukhoma. Tsiku limenelo sanadye. Achemwali anandiuza kuti tisadzayesenso, kuti kuwachititsa manyazi bambo chonchija kunali koipa kuposa kusawamva.

Inali nthawi imene mafoni a m'manja anali atangoyamba kuchuluka, ndipo aliyense mu Lilongwe ankadziwa kufulasha. Unkaimba, foni ya mnzako ikangolira n'kudula msanga asanayankhe, kuti mayunitsi ako asadyeke. Mnzakoyo ankaona nambala yako n'kudziwa yekha tanthauzo: ndafika, kapena ndiimbire, kapena ndikukuganizira. Ine ndinkagwira ntchito mu kafe ya intaneti m'tauni, ndikuthandiza anthu kutsegula maimelo, ndipo tsiku lonse mafoni a makasitomala ankangolira kamodzikamodzi ngati anapiye.

Maganizo anachokera kwa achemwali. Bambo anali adakali ndi foni yawo ya ku galaja, yakuda, yomangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. Amayi ankaikamo timayunitsi kuti laini isatsekedwe, popeza anzawo a ku Biwi ankatumiza moni nthawi zina, ndipo amayi ndi amene ankawawerengera mauthengawo. Choncho uthenga wolemba sukanatheka, ndipo kuimba kukanaonekera pa mayunitsi. Koma kufulasha sikudya kanthu. Ndinasunga nambala ya achemwali m'foni ija pa dzina loti Wa Matayala, ndinazimitsa kulira kuti izingonjenjemera, ndipo ndinauza amayi kuti adokotala amati kufinya kanthu m'manja kumathandiza. Bambo anayamba kukhala nayo m'dzanja lamanzere, pansi pa kabulangete kamene ankafunda m'miyendo.

Ndinawafotokozera tikuyenda pang'onopang'ono kupita ku geti, monga tinkachitira madzulo alionse kuti mwendo uzolowere. Ndinati ikanjenjemera m'mawa, ndi achemwali akuti adzuka bwino. Ndinawaonetsa batani lobiriwira loti adine kawiri kuti abweze, ndi lofiira loti adule. Anaima, atatsamira paphewa langa, n'kuyeserera ndi chala chachikulu mpaka anakhoza. Kenako anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope. Kanali koyamba kuwaona akuseka chigwereni.

Zinayenda choncho. Cha m'ma eyiti, amayi ali kalikiliki ndi ogula shuga wa tiyi, foni inkanjenjemera pansi pa bulangete, bambo n'kubweza. Madzulo ine ndinkaitenga kukaitchaja ndi kufufuta manambala a tsikulo. Achemwali anali ndi kafulashidwe kawokawo. Anthu onse ankadula mwachangu poopa kuti wina ayankha, koma iwo ankadziwa kuti bambo sangayankhe, ndiye ankaisiya injenjemere nthawi yaitali, mpaka itatsala pang'ono kuduka yokha. Ankati amafuna bambo amve kuti iwo sakufulumira.

Kenako anawonjezera china. Mvula yambiri inkabwera kuchokera chakumadzulo, n'kuyambira kwa iwo ku Chinsapo isanafike kwathu. Ikayamba uko ankafulasha kawiri motsatizana, ndipo bambo ankagogoda ndodo pansi n'kuloza kumwamba. Amayi ankaanula zovala, n'kuwalowetsa m'nyumba, ndipo posakhalitsa mvula inkagwadi. Amayi anafika pomauza makasitomala kuti mwendo wa abambo ake a ana umanunkhiza mvula kuposa a wailesi. Azimayi oyanika ufa ankabwera kudzafunsa. Ine ndinkathawira kuseri kukaseka.

Masiku amenewo ndinkaphunziranso za makompyuta madzulo pa kasukulu kena. Tsiku lina mphunzitsi anafotokoza kuti olondera netiweki amayang'anira mawu amene akudutsa, koma anthu ochenjera amatha kutumizirana uthenga popanda mawu alionse, pongogwiritsa ntchito nthawi imene agogoda ndi kutalika kwa mpata umene adikira. Anati njira zoterozo n'zovuta kuzigwira, koma zimanyamula zochepa kwambiri. Anzanga ankalemba. Ine ndinkaganiza za bambo pakhonde paja, amene kwa mwana wawo ankangolandira mawu awiri, akuti ndili bwino ndi akuti kukubwera mvula.

Achemwali atabereka mwana wamkazi ndinawanong'oneza bambo pa ulendo wathu wa ku geti. Anafunsa ndi dzanja ngati mwanayo ndi wamkulu, ndipo ndinawaonetsa. Patapita miyezi, khanda litalimba khosi, alamu anapangana nafe tsiku. Ndinauza bambo kuti Loweruka masana foni ikanjenjemera katatu ayang'ane kumsewu. Tsikulo ndinapempha kusapita kuntchito, ndinakhala pansi pafupi ndi mpando wawo ndikusankha nyemba. Amayi anali kukangana ndi mayi wina za mafuta amene akuti sanadzaze. Ndinamva bulangete likugwedezeka. Tsidya la msewu, pafupi ndi ogulitsa makala, kunadutsa mayi wina atafunda mpango, ambulera itamuphimba nkhope, khanda lili kumsana. Atafika moyang'anizana ndi geti lathu anaima ngati akukonza nsapato, natembenuka kuti kamutu ka mwana kaonekere. Anakweza ambulera pang'ono. Kenako anapitirira ulendo wake mpaka anakhota pa chigayo.

Bambo sanagwedezeke. Misozi inkangotsika mbali yakufa ija, kumene sankaimva. Amayi atasuzumira pazenera anati dzuwa lawalowa m'maso, ndiwasunthire mumthunzi. Kameneko kanali komaliza bambo kuwaona achemwali ali moyo.

Matenda a achemwali anayamba mwana atayamba kuyenda. Ine ndinkapita ku Chinsapo Loweruka lililonse ndikaweruka kuntchito, nditanama za sukulu, ndipo ndinaona mapazi awo akutupa, kenako nkhope. Ankati ndi kutopa chabe. Alamu anawatengera kuchipatala kangapo, mpaka anauzidwa kuti ndi impso. Anagulitsa makina awo amodzi osokera, anatsala ndi akale. Amayi a alamu anabwera kuchokera ku Mangochi kudzalera mwana. Achemwali anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti bambo asamve, chifukwa sitiroko yachiwiri ikanawapha, ndipo amayi akanati ndi iwonso achititsa. M'mawa uliwonse ankafulashabe, ngakhale tsiku limene anagona osadya. Pa chinenero chawo ndi bambo panalibe mawu oti ndikudwala, ndipo iwo sanafune kuti akhalepo.

Atawagoneka ku chipatala cha ku Likuni, zala zinali zitatupa ngati nthochi, ndipo nthawi zambiri m'mawa ankakhala ali m'tulo tolemera. Anapereka foni kwa alamu n'kuwapempha kuti azifulasha m'malo mwawo. Alamu anachitadi, pa nthawi yake yeniyeni. Koma patapita masiku ochepa anandiimbira ndili kuntchito, ali ndi nkhawa. Anati chiyambireni iwo kufulasha, apongozi sanabwezepo, kodi ali bwino?

Madzulo amenewo ndinawadzutsa bambo kuti tiyende. Titafika pa geti anakana kubwerera. Anatulutsa foni m'thumba la jekete, anaigwedeza pamaso panga, ndipo analimbana ndi lilime lawo mpaka mawu anatuluka.

"Si iye."

Ndinati ndi iwo, mwina netiweki ikuvuta. Anapukusa mutu. Anandigwira padzanja, anafinya kamodzi n'kusiya msanga. Kenako anafinyanso, nagwira osasiya, nthawi yaitali, akundiyang'ana m'maso. Ndinamva zimene ankanena. Alamu ankafulasha ngati munthu wina aliyense, kudula isanathe n'komwe kunjenjemera kamodzi. Palibe amene anaganiza zowauza. Ndinaima pa geti paja, lumbiro langa lili kukhosi, ndipo ndinangoti achemwali sakupeza bwino pang'ono koma akulandira mankhwala. Anandifunsa ndi dzanja kuti kuti. Ndinati ku Likuni. Kenako tinabwerera.

M'mawa mwake ndinali ndisananyamuke pamene amayi anawapatsa phala pakhonde. Atamaliza, bambo anatulutsa foni pansi pa bulangete n'kuiika m'mbale yachitsulo imene anadyeramo. Ndinaona zimenezo ndili pakhomo, ndipo ndisanafike foni inanjenjemera. M'mbale muja inachita phokoso ngati ziwala m'chitini. Amayi anatuluka mu okala, anaitola, anaipukuta phala ndi chitenje n'kuwerenga dzina. Anafunsa kuti wa matayala akufuna chiyani kwa munthu amene anasiya galaja kalekale. Bambo analoza batani lobiriwira. Amayi anadina n'kuika kukhutu.

Foni ija inkamveka ngakhale uli patali. Alamu anayankha msanga, poganiza kuti ndi bambo. Anati, "Ababa, pepani, ndine mkamwini wanu. Mwana wanu ali m'tulo, usiku sanagone bwino."

Amayi anamvetsera. Kenako anafunsa kuti ali kuti ndipo akudwala chiyani, ndipo atamva anadula. Anakhala pansi pa sitepe ya khonde, mbale ili pamiyendo. Mwana wina anabwera kudzagula machesi, anaitana kangapo n'kubwerera. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anandifunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Ndinawauza zonse, za m'mawa uliwonse, za Loweruka, za mvula. Pa nkhani ya mvulayo ndi pamene nkhope yawo inasintha.

"Ndiye ndinkauza anthu za mwendo, inu mukundiseka," anatero. "Ndimasambitsa munthu uyu tsiku lililonse. Ndinkayesa tili atatu m'nyumba muno, osadziwa kuti ndili ndekha."

Bambo anatambasula dzanja kuti awagwire paphewa, koma amayi anaimirira. Anatseka okala dzuwa lili m'mwamba, chinthu chimene sindinachionepo. Anamanga m'chitenje kapoto, ufa, mbale ziwiri ndi bulangete. Anapita kwa mayi woyandikana nafe kukawapempha kuti mnyamata wawo wamkulu azithandiza kusambitsa bambo. Kwa ine anangoti nditsogole, iwo sakudziwa wodi yake.

Tinakwera minibasi ya ku Likuni. Titalowa m'wodi tinapeza amayi a alamu atakhala pa mkeka pambali pa bedi, mwana ali pamiyendo. Anaimirira n'kupereka moni mwaulemu m'Chichewa chawo cha kunyanja, ndipo amayi anayankha ndi mawu ochepa. Achemwali anali maso. Nkhope inali itatupa moti maso ankaoneka ang'onoang'ono. Anayang'ana amayi nthawi yaitali, kenako anakweza dzanja kufuna kukonza mpango umene unali utatsetsereka, ngati sakudziwa kuti auvule kapena aufunde bwino.

"Amayi, mwabwera."

"Ndabwera. Wadya chiyani lero?"

Amayi anawerama, anawakonzera mpango uja n'kuumanga bwino kumbuyo. Za pakhomo la wodi ina ija palibe amene anazitchula, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anatsika kupita kumalo ophikira odikirira odwala, ndipo amayi a alamu anawatsatira kukawaonetsa pamene pali mafuwa awo. Kuyambira pamenepo azimayi awiriwo ankasinthana, wina kuphika wina kukhala ndi wodwala. Sankacheza kwenikweni. Koma ndinawaonapo tsiku lina amayi atagwirizira mwana pamene anzawowo ankaswali pakona pa khonde, ndipo anali atatembenuza mwanayo kuti asawasokoneze.

Ine ndinkagona ku Kawale ndi bambo, masana n'kumapita ku Likuni. Tsopano zonse zinali poyera, ndipo madzulo ndinkawauza mmene tsiku layendera, osachotsapo kanthu. Foni sanaifunenso m'manja. Ankangoloza kumsewu n'kudziloza pachifuwa, kutanthauza kuti tiwatengere kumeneko. Kukweza bambo minibasi kunali kosatheka, ndiye ndinapita ku Biwi kukaonana ndi anzawo a ku galaja. Mkulu wa pamenepo anati pikapu imene ankakonza ituluka Loweruka, ndipo Lamulungu adzawanyamula yekha. Achemwali atamva anasangalala. Sabata imeneyo ankaoneka kuti akupezako bwino, anamwa phala, anapempha kuti tiwabweretsere mafuta odzola kuti bambo asadzawaone atatuwa.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, amayi akuwapukuta kumaso. Alamu ndi amene anabwera ku Kawale kudzanena. Kanali koyamba kuponda pakhomo pathu. Anavula nsapato pa sitepe, anagwada patsogolo pa mpando wa bambo. Bambo anawayang'ana, anaika dzanja lamanzere pamutu pawo, ndipo anakhala choncho onse awiri. Ine ndinalowa m'nyumba.

Mwa Chisilamu maliro sagona, ndiye anati aikidwa tsiku lomwelo masana mapemphero akatha. Amalume a ku Dedza sakanafika pa nthawi yake, ndipo pa foni ankakalipa kuti mwana wawo sangaikidwe ngati nkhuku. Amayi anatenga foni n'kuwauza kuti mwini maliro ndi mwamuna wake, amene anagulitsa makina ake kuti amuchiritse, ndipo amene akufuna kulira abwere mawa adzalire. Azimayi a kumzikiti posambitsa thupi anawaitana amayi kuti alowe nawo, ndipo analowa.

A ku galaja atamva anasiya ntchito, anamangirira pikapu ija mmene inalili, yopanda bampa, n'kubwera kudzatenga bambo ndi mpando wawo womwe. Ku Chinsapo anawalowetsa m'nyumba ya alamu, ndipo anavundukula nsalu yoyera pankhope kuti aone. Kutupa kuja kunali kutachepa. Bambo anawagwira patsaya ndi chala chachikulu. Kumanda azimayi sapita, choncho ine ndi amayi tinatsala pabwalo, tikuyang'ana amuna akunyamuka. Kumbuyo kwa onse kunali bambo pampando wawo wa nsungwi, atanyamulidwa ndi amakaniko awiri a maovolosi ndi anyamata awiri a zisoti zoyera, akusinthana pokwera kamtunda.

Azimayi a kumpingo kwathu anabwera ku Kawale mawa lake ndi nkhuni ndi ufa, anaimba nyimbo mpaka madzulo. Ena ankanong'onezana za mpango ndi mzikiti. Amayi sanabwererenso pa udindo wawo, ngakhale anawapempha kangapo. Kutchalitchi ankapitabe, n'kumakhala kumbuyo.

Alamu anayamba kubwera Lamulungu lililonse masana ndi mwana. Ankabweretsa lumo ndi kagalasi, n'kumawameta bambo ndevu pakhonde, akuwauza nkhani za mumsika, za mitengo ya nsalu, za makasitomala amene amanenepa diresi lisanathe kusokedwa. Amayi ankawaphikira nsomba m'poto watsopano amene anagulira iwo okha, ndipo ankaitana kuti apongozi, chakudya chapsa. Mwana ankakwera pamiyendo ya bambo n'kumawakoka mlomo wopotoka uja kuti uwongoke. Bambo anakhala chaka china ndi miyezi, kenako sitiroko yachiwiri inabwera ali m'tulo masana, ndipo sanadzukenso. Tinakawaika ku Dedza. Alamu ndi amene anasoka nsalu ya m'bokosi.

Pambuyo pake alamu anabwerera ku Mangochi, kumene anakwatiranso, monga zinayenera. Mwana anapita nawo, ndipo ankabwera kwathu pa tchuthi. M'nyumba munatsala amayi ndi ine. Ankandiphikira, ankandidikira ndikachedwa, koma panali zinthu zimene anasiya kundiuza, ndipo ndikawauza kuti ndikupita kwakuti ankandiyang'ana kaye asanavomere. Tsiku lina tikusenda mbatata kuseri kwa nyumba ndinawafunsa ngati akanalola ndikanawauza poyamba pomwe. Anasenda mbatata yonse, anaiponya m'madzi, anatenga ina.

"Sindikanalola," anatero. "Koma ukanandiuzabe."

Ndinakhala nawo zaka zina zingapo mpaka nditakwatiwa ndi kusamukira ku Area 25. Okala anaitseka maondo atayamba kuvuta, ndipo zenera lija analimata ndi njerwa.